Vuto la Bevis Marks ndi kuwala

Mlembi, mwalemba kuti nsanjika zazitali zozungulira sunagoge wa Bevis Marks ku London zikungowononga maonekedwe. Vuto lenileni ndi kuwala. Nyumbayi, yomwe Ayuda ochokera ku Spain ndi Portugal anaitsegula mu 1701, imadalira mawindo ake aakulu ndi makandulo a pa zoikapo nyale zisanu ndi ziwiri zamkuwa zolendewera kudenga. Magetsi alimo ochepa, ndipo malamulo oteteza nyumba zakale salola kungowonjezera mawaya m'makoma. Dzuwa likatchingidwa, okalamba amavutika kuwerenga mabuku a mapemphero. Mthunzi umenewu unali chimodzi mwa zifukwa zomwe akuluakulu a City of London, khonsolo ya dera la pakati pa London, anakanira mu 2021 pulani yomanga nsanjika ina ku Bury Street, msewu wapafupi ndi sunagogeyu. Palinso pemphero la mwezi watsopano, lomwe amalichita pabwalo akuuona mweziwo ndi maso. Nsanjika ikautchinga, silingachitike.