Malamba a kenpo kuno ku Mangalande: tikugula mapepala, abale

Abale anga okhala kuno ku Mangalande, nkhani ya malamba a kenpo, masewera omenyana aja, yandikwana. Ndalama timazipeza movutikira, ena kusamalira okalamba usiku wonse, ena kusenza makatoni mpaka msana kuwawa, koma tikukazitaya kwa anthu ogulitsa mapepala a zilembo za Chijapani zomwe eni akewo satha kuwerenga. Mwana akalowa kalabu, sipatenga nthawi kalata ya mayeso yafika: ndalama ya mayeso payokha, ya lamba payokha, ya umembala wa bungwe payokha. Kholo limangolipira, osadziwa kuti kalabu ina ya m'tauni yomweyo singamuvomereze lambayo.

Amayambira pa dzina kutipusitsa. Kenpo ndi katchulidwe ka Chijapani ka mawu a Chitchaina akuti quanfa, njira yomenyera ndi nkhonya. Ena amalemba kempo, ena kenpo, koma ku Japan zilembo zake ndi ziwiri zomwezo. Kusiyanaku kunadza polemba Chijapani m'zilembo za Chilatini, pomwe kalembedwe kakale kankasandutsa n kukhala m akatsatana ndi p. Mphunzitsi wokuuzani kuti ya n ndiyo yeniyeni ndipo ya m ndi yachinyengo akungofuna kasitomala basi. Vuto lenileni ndi lakuti dzina limodzili likugwiritsidwa ntchito ndi masewera angapo, ena osakhala pachibale n'komwe.

Shorinji Kempo anaiyambitsa Doshin So mu 1947 ku Tadotsu, pachilumba cha Shikoku, ndipo ili ndi likulu lake lomwe limasunga kaundula wa mamembala. Nippon Kempo ndi ya Muneomi Sawayama, ya mu 1932 ku Osaka, ndipo kumeneko amavala zodzitetezera kumutu ndi pachifuwa n'kumamenyana zenizeni. Ku Okinawa nako mawuwa ankatchulira karate yomwe. Ndiye pali mzere wa ku Hawaii, womwe ndi umene umabweretsa chisokonezo chambiri. James Mitose ankaphunzitsa ku Honolulu m'zaka za m'ma 1940, William Chow anaphunzira kwa iye, ndipo kwa Chow kunatuluka Adriano Emperado ndi Ed Parker. Emperado ndi anzake anayi anapanga Kajukenbo mu 1947, pophatikiza karate, judo ndi jujutsu, kenpo ndi nkhonya. Parker anakatsegula sukulu ku Pasadena ku California m'zaka za m'ma 1950, n'kukonza zomwe lero timati American Kenpo. Munthu wa Shorinji ndi munthu wa Parker atakumana m'holo imodzi, palibe angayese mnzake mayeso.

Malambawo nawonso si a makedzana monga amatinamizira. Madigiri a lamba wakuda otchedwa dan anawabweretsa Jigoro Kano mu judo mu 1883, potengera masewera a pabolodi otchedwa go, ndipo Gichin Funakoshi anapereka madan oyamba a karate mu 1924. Palibe lamulo kuno loletsa munthu kudzitcha wa digiri ya khumi. Aliyense akhoza kuyambitsa bungwe mawa, kusindikiza masatifiketi a mkombero wa golide, kugula lamba pa intaneti n'kusoketsapo dzina lake. Choncho satifiketi ya lamba imangonena chinthu chimodzi: mphunzitsi wakutiwakuti anayesa munthu uyu pa silabasi yakutiyakuti tsiku lakuti. Ngati mphunzitsiyo ndi silabasiyo sizikudziwika, pepalalo ndi lokulungira mandasi.

Pa American Kenpo ndiye pamafunika kutsegula maso kwambiri. Parker anamwalira mu Disembala 1990 osasiya wolowa m'malo womveka kwa onse, ndipo ophunzira ake akuluakulu anabalalika, ambiri n'kuyambitsa mabungwe awoawo. Silabasi yake yodziwika ili ndi njira zodzitetezera 154, iliyonse ndi dzina lake, monga Delayed Sword ndi Five Swords. Malamba amayenda chonchi: woyera, wachikasu, wa olenji, wa pepo, wa buluu, wobiriwira, wa bulauni magawo atatu, kenako wakuda. Koma kagawidwe ka njirazo kamasiyana. Pambuyo pa lamba wachikasu, sukulu zina zimaphunzitsa 24 pa lamba aliyense, zina 16, zakale zinkafika 32. Ndiye wa lamba wobiriwira wochokera ku sukulu ya 16 akapita ku ya 24 amapezeka kuti pali zambiri zomwe sanazionepo, ndipo amamubweza m'mbuyo kapena kumulipiritsa mayeso ena. Mzere wa abale a Tracy, omwe anaphunzira kwa Parker m'masiku oyambirira n'kupatukana naye, uli ndi njira zochuluka kuposa apa komanso mayina ena. Onsewa pachikwangwani amangolemba kenpo karate.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi zomwe amachita kwa anthu athu obwera ndi lamba wakuda wa karate kuchokera kumudzi kapena ku Joni. Munthu anakhetsa thukuta zaka zambiri pa Shotokan kapena Kyokushin. Akafika kuno amapeza mitundu iwiri ya aphunzitsi. Woyamba amamuuza kuti ayambire pa lamba woyera, ndipo m'bale wathu amakwiya, amati ndi tsankho. Nthawi zambiri si tsankho ayi. Kata (mayendedwe oloweza pamtima) za Heian zomwe wa Shotokan akudziwa sizili m'silabasi ya Parker, kumeneko kuli Short Form 1, Long Form 1 n'kumapitirira, ndipo kaimidwe ndi kamenyedwe kake n'kosiyana. Mphunzitsi wachilungamo amamulola kuyenda mofulumira chifukwa thupi linazolowera kale, koma mayeso aliwonse amayenera kuwachita.

Wachiwiriyo ndiye woopsa, chifukwa amabwera akumwetulira. Amati tibweretsereni satifiketi yanu ya Shotokan ya digiri yachitatu, mulipire, tikupatsani yofanana nayo ya kenpo. Ena amachita zimenezi pa semina ya Loweruka ndi Lamlungu, ena amangofuna vidiyo, ena ngakhale vidiyoyo safuna. Munthu angakhale bwanji wa digiri yachitatu pa masewera omwe sangaonetse ngakhale njira khumi za lamba wachikasu? Kuvomereza lamba wa munthu ngati mlendo, kuti aime pamzere wa akuluakulu, ndi ulemu ndipo palibe cholakwika. Kumupatsa digiri ya masewera omwe sanaphunzire ndi malonda. Ndipo woyesa sangapereke digiri pa masewera omwe iye mwini alibe digiri, ngakhale atakhala katswiri wotani kwina.

Pamwamba pa zonsezi pali mabungwe a anthu odzitcha soke. Ku Japan mawuwa amanena mutu wa banja lomwe lasunga luso linalake mibadwomibadwo. Kuno asanduka ulemu wogula: anthu a masewera osiyanasiyana amasonkhana ku hotela, amadya, amapatsana madigiri ndi zikho, aliyense n'kusainira mnzake. Kaoneni lamba wawo. Mu kachitidwe ka Parker, kamzere kofiira kamodzi ndi digiri imodzi, digiri yachisanu ndi chigamba chofiira chotalika mainchi asanu, yakhumi ndi zigamba ziwiri. Mukaona mnyamata wa zaka makumi atatu wavala zigamba ziwirizo, werengani zaka zake nokha. Mayina a maudindo a Parker anali a Chingerezi, monga instructor, professor ndi master, ndiye wa American Kenpo wodziunjikira maudindo a Chijapani afotokoze komwe anawatenga.

Musanalipire kalikonse, funsani, paja safunsa anadya phula. Lamba wakuda anakupatsani ndani, chaka chanji, pa masewera ati? Digiri iliyonse yotsatira anasaina ndani, ndipo panadutsa zaka zingati? Munthu wolumpha kuchoka pa yachiwiri kufika pa yachisanu ndi chimodzi chaka chomwe anasintha bungwe wadziulula yekha. Pemphani silabasi yolembedwa, muone ngati ndi ya 16 kapena ya 24. Lemberani bungwe lomwe lili pa satifiketi kuti litsimikize dzinalo m'kaundula wake, ndipo muone ngati mkulu wa bungwelo si mphunzitsi yemweyo. Funsani mtengo wa mayeso onse mpaka lamba wakuda, ndi miyezi yomwe mungapitirize kulipira mukasiya, chifukwa makalabu ena amamanga munthu ndi kontrakiti yodula ndalama ku banki mwezi ndi mwezi.

Kwa inu ofuna kutsegula kalabu yanu, dziwani kuti eni maholo a masukulu ndi a khonsolo sachita chidwi ndi mizere yofiira. Amafuna inshuwalansi yoteteza anthu ovulala, chiphaso cha DBS, choonetsa ngati munapalamulapo mlandu, ngati mukuphunzitsa ana, maphunziro a chithandizo choyamba ndi a katetezedwe ka ana. Onaninso malamulo a viza yanu musanalandire ndi kobiri lomwe. Viza ya ophunzira imaletsa kudzilemba ntchito wekha, imaletsanso kugwira ntchito ngati wamasewera kapena kochi wolipidwa, ndipo wogulitsa satifiketi ya uphunzitsi uja sakuuzani zimenezi polandira ndalama zanu.