Nyimbo 11 mwa 14 ndi zake: chomwe chinapangitsa chimbale cha Gregory Porter, Liquid Spirit, kugwira mtima

Oimba jazz ambiri akalowa mu situdiyo amathamangira nyimbo zakale zodziwika. Sindiwadzudzula. Womvera amaidziwa kale nyimboyo, ndiye woimba akhoza kuipinda, kuichedwetsa, kudumpha noti zina, munthu osasokonezeka. Nyimbo yatsopano ilibe mwayi umenewo. Ukaikometsera kwambiri pa vesi yoyamba, womvera sadziwa kuti nyimbo yeniyeni ndi iti, zokometsera ndi ziti.

Gregory Porter anazidziwa bwino zimenezi. Chimbale chake cha Liquid Spirit, chomwe kampani yojambula nyimbo ya Blue Note inatulutsa mu 2013, chili ndi nyimbo 14, ndipo 11 mwa izo ndi zake. Chinatenga mphoto ya Grammy ya chimbale cha jazz choimbidwa mu 2014. Anthu amatama mawu ake aakulu, koma kwa ine chinsinsi chili pa malo amene gulu linamusiyira komanso kudziletsa kwake. Tamverani "Hey Laura": akuyala nyimbo momwe inalembedwera, osathamangira kuonetsa luso, mpaka khutu lako litaigwira.

Nkhani ya malo ndiyofunika kwambiri kwa mwamuna wa mawu apansi ngati iyeyu. Mawu oterewa amakhala dera limodzi ndi dzanja lamanzere la woimba piyano komanso noti zapamwamba za besi. Zonse zitatu zikaunjikana, chapamenepo pa 200 mpaka 300 Hz (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), chimatuluka ndi phala, mawu a nyimbo osamveka. Ena amayesa kukonza ndi EQ (chida chochepetsa kapena kukweza mbali zina za mawu) posakaniza, koma pamenepo ndi mochedwa: ukadula kwambiri, mawu a woimba amaonda. Mankhwala ake ali pa kakonzedwe ka nyimbo. Wa piyano asiyire besi noti zapansi, makodi ake (noti zingapo zomenyedwa pamodzi) awakweze, ndipo malipenga alowe pomwe woimba wapuma, osati pamwamba pake. Chip Crawford pa piyano ndi Aaron James pa besi amachita zimenezi chimbale chonse. Pa "Water Under Bridges" anangotsala awiri, mawu ndi piyano basi, ndipo palibe chomwe chikusowa.

Chinanso, Porter sanatenge akatswiri obwereka a tsiku limodzi. Anajambula ndi gulu lomwe ankayenda nalo, Emanuel Harrold ali pa ng'oma. Pa nyimbo yakale, anthu asanu osadziwana akhoza kukumana m'mawa, kugwirizana kiyi, nkujambula masana. Pa nyimbo yatsopano pepala la makodi silinena zonse. Silinena pomwe woimba amakoka mpweya, kapena pomwe kolasi imafuna kukankhidwa pang'ono. Izi zimadziwika poimba pamaso pa anthu kangapo. Ndi pomweponso umazindikira kuti kiyi yomwe unalembera kunyumba yatsika kwambiri, ikufunika kukwezedwa ndi theka la sitepe kapena sitepe yonse.

Kujambula gulu lonse nthawi imodzi kuli ndi msampha wake. Ng'oma zimalowa m'maikolofoni a piyano ndi a besi. Wa besi akalakwitsa noti imodzi, sungangofufuta yake yokha, chifukwa yamvekanso m'maikolofoni ena. Ndiye woimba amaikidwa m'kachipinda kake koti azionana ndi anzake pagalasi, ng'oma nkuzitchinga. Ndipo musapitirire kubwereza. Katatu kapena kanayi nkokwanira. Kupitirira apo aliyense amayamba kusamala kuti asalakwe, moto nkuzima. Nyimbo ngati "Liquid Spirit" yeniyeniyo, yomwe yakhazikika pa kuwomba m'manja ndi besi ngati kutchalitchi (mayi ake anali mlaliki, izi sizobwereka), ingafe mutaidula zidutswazidutswa pa kompyuta.

Nyimbo zitatu za ena anaziika mwanzeru. "Lonesome Lover" ya Abbey Lincoln ndi Max Roach ndi yachitatu, "The 'In' Crowd" ndi ya nambala 11, ndipo "I Fall in Love Too Easily" ndiyo yotsekera. Womvera akayenda mtunda m'nyimbo zachilendo amapeza pokhala pang'ono. Pomwe ndili ndi dandaulo ndi kutalika: chimbale chikupitirira ola, ndipo chakumapeto nyimbo zodekha zachuluka. Zikanakhala 12 zikanaluma kwambiri.

Pali ndi mbali ya ndalama imene oimba athu amaiiwala. Ukaimba nyimbo ya wina, gawo la wolemba limapita kwa mwini wake nthawi iliyonse ikaseweredwa pa wailesi. Ikakhala yako, gawolo ndi lako, bola ulembetse, kwathu kuno ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Ndipo ngati wa piyano ndiye anapeza makodi a kolasi, gwirizanani magawo ndi kulemba papepala musanalowe mu situdiyo, aliyense asaine.