Mukakopera commit, lembani komwe yachokera

Anzanga amene mukulemba mapulogalamu kuno ku Joni, kaya ndi ku Sandton kaya ku Braamfontein, ndili ndi pempho limodzi: pochita git cherry-pick (lamulo la Git lokopera commit, kutanthauza kusintha kosungidwa mu code) pa branch, kapena kuti nthambi ya code, yomwe mukugwirirapo ntchito ndi anzanu, muziwonjezera -x.

Git ikatenga commit ku branch ina n'kuiika kwina, imaipatsa hash (nambala yoizindikiritsa) yatsopano poti kholo lake lasintha. Uthenga umakhala womwewo, dzina la wolemba lomwelo, koma cholumikiza ziwirizo palibe. Merge, yomwe ndi kuphatikiza ma branch awiri, imakumbukira makolo onse awiri, cherry-pick ayi. Mukaika -x, pansi pa uthenga pamalembeka mzere wakuti "cherry picked from commit" pamodzi ndi hash ya koyambako. Katundu wotumiza kumudzi pa basi ku Park Station timamulemba dzina ndi nambala mbali zonse, nanga bwanji code timaisiya yopanda chizindikiro?

Vuto limadzaoneka patapita miyezi. Bug inakonzedwa pa main, branch yaikulu, Lachisanu madzulo, wina n'kukopera mwachangu ku ma branch a release, omwe amapita kwa ogwiritsa ntchito. Kenako kwapezeka kuti kukonzako kunaphwanya china, ndipo abwana akufunsa kuti kunalowa mu release ziti. Amene anakopera uja kontirakiti yake inatha, mwina ali ku kampani ina ku Rosebank, mwina anabwerera ku Lilongwe. Wotsalayo amayamba kutsegula branch iliyonse, kufananiza mizere ndi maso mpaka usiku. Pakanakhala mzere uja, git log --grep ndi hash ija zikanayankha nthawi yomweyo.

Ena amati lamulo lina, git cherry, limazindikira lokha ma commit okopedwa. Git imaterodi, koma imayang'ana ngati kusinthako kukufanana. Ngati panali conflict, kutanthauza kuti mizere inasemphana, ndipo munakonza pamanja, kufanana kuja kumatha, imaona ngati ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Subversion, pulogalamu ina yogwira ntchito ngati Git, inayamba kusunga zoterezi yokha mu svn:mergeinfo kuchokera pa 1.5, mu 2008. Git imasiyira munthu kuti asankhe. Osamalira ma kernel a stable a Linux anasankha bwino: commit yotengedwa ku mainline, branch yawo yaikulu, imayamba ndi mzere wotchula hash ya komwe yachokerako.

Pa branch yanu yanokha musavutike nazo, hash imene wina aliyense sadzaiona ilibe phindu. Koma pa release ndi hotfix (kukonza kwadzidzidzi), ine ndikamaunika pull request (pempho lolowetsa code) yopanda mzere umenewu ndimaibweza mwaulemu, ndipo ndikupempha atsogoleri a timu kuti lamuloli mulilembe mu CONTRIBUTING, fayilo ya malangizo a timu, kuti wobwera kumene alipeze tsiku loyamba.