Muri ndi morto: mawu a imfa mu Papiamentu sanachokere nyumba imodzi

Maganizo anga ndi akuti tisamafulumire kunena kuti Papiamentu, chiyankhulo cha ku Curaçao, Aruba ndi Bonaire, zilumba za m'nyanja ya Caribbean, ndi Chisipanishi chophwanyika. Mneni wa kufa yekhayu akukwanira kuonetsa kuti nkhaniyi ndi yozama.

Kumeneko amati muri. "El a muri" ndiye kuti wafa. Mneniyu sasintha, nthawi imaonekera pa timawu ta kutsogolo: a ngati zachitika kale, ta ngati zikuchitika, lo ngati zidzachitika.

Tsono muri anachokera kuti? Chisipanishi chili ndi morir, Chipwitikizi chili ndi morrer, onse ochokera ku mori wa Chilatini. Poyesa, yang'anani kumapeto kwa mawu. Aneni ambiri a Chisipanishi ndi Chipwitikizi othera ndi -er amasunga e mu Papiamentu: comer ndi kome, beber ndi bebe, correr ndi kore. Othera ndi -ir amathera ndi i: pedir ndi pidi, dormir ndi drumi. Morrer akanatipatsa more. Muri akutsata njira ya drumi, mpaka o kusanduka u. Apa morir akuoneka kuti ndiye kholo.

Koma ambiri amalakwa poimira pomwepa. Wakufa, ndiponso imfa yeniyeniyo, amati morto. Chisipanishi chimati muerto. Morto ndi Chipwitikizi chosasakaniza, monga porta (chitseko) ndi nobo (chatsopano), pomwe Asipanishi amati puerta ndi nuevo. Chinanso, mu Kriol cha ku Guinea-Bissau, chomwe chinaphuka pa Chipwitikizi, kufa amatinso muri. Kumeneko -er amasanduka i kawirikawiri, correr n'kukhala kuri. Ndiye muri atha kukhala kuti anaoloka nyanja ndi akapolo ochokera kugombe la Guinea, m'zaka zimene Curaçao inali msika wa akapolo, Adatchi atalanda chilumbachi mu 1634, kenaka Chisipanishi cha ku Venezuela, chapafupi pomwepo, n'kumulimbitsa. Ine ndimaona kuti njira ziwirizi zinakumana pa mawu amodzi, ndipo wosankha imodzi yokha akutaya theka la mbiri ya anthuwa.

Pa chidziwitso cha maliro muri samveka bwino, monganso ife sitinena kuti agogo afa. Amalemba fayesé, kuchokera ku fallecer wa Chisipanishi kapena falecer wa Chipwitikizi, apo ayi "a bai sosegá", kutanthauza kuti wapita kukapuma. Bai ameneyonso ndi vai wa Chipwitikizi.