Pemphero la ife makolo a ana odwala sickle cell

Amene muli maso usiku uno pambali pa mwana, tiyeni tipemphere limodzi.

Atate, Chauta Namalenga, kuno ku Kasungu Juni walowa ndi chisanu chake, ndipo Inu mukudziwa zimene kuzizira kumachita m'mafupa a ana athu. Wanga wagona apa, maso achikasu, mawondo ndawakulunga m'chitenje chofunditsa, akubuula osafuna kukhudzidwa. Timvereni chisoni, Ambuye. Musatitaye, musakhale chete.

Davide pa Salimo 139 anati munamuumba m'mimba mwa amayi ake, ndipo zake zonse zinalembedwa m'buku lanu. Ndi zoonadi. M'kati mwa selo, kachipinda kakang'ono komanga thupi, m'phata lake losaoneka ndi maso lotchedwa nyukiliyasi, munapindamo DNA, ulusi wa malangizo a thupi, wotalika pafupifupi mamita 2, m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, theka la bambo, theka la mayi. Simunalole kuti zonse ziwerengedwe nthawi imodzi. Zambiri zomangika zolimba munazikankhira m'mphepete, zili duu. Zofunika ntchito zimamasuka chakum'kati, pamalo pamene puloteni yokopera yotchedwa RNA polymerase II imasonkhana, nkukopera uthenga wa jini, kagawo ka DNA, pa kaulusi kena kotchedwa RNA, uthengawo nkutuluka kukapangitsa puloteni. Ndani wina akanakonza zotere? Ulemerero ukhale kwa Inu!

Koma Atate, pa kromozomu 11 ya mwana wanga, pa jini ya hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, chilembo chimodzi chokha cha DNA chinasintha, T pamalo pa A. Maselo a m'mafuta a m'mafupa amakopera mokhulupirika chimene apezapo, ndiye maselo ofiira a magazi ake amapindika ngati chikwakwa, kutseka timitsempha, kufa pa masiku 10 kapena 20 pamene a anzake amafika 120. Chilembo chimodzi, Ambuye! Ndinu amene mumawerenga tsitsi la pamutu pathu, ichi sichinakudutseni.

Ndipo inu achibale amene mumanong'onezana kuti mwanayu anamulodza, kuti mayi ake ndiwo anabweretsa tsoka pamtundu, lekani! Jini imeneyi anaitenga kwa tonse awiri, ine ndi bambo ake, tonse oyenda bwinobwino osadziwa kuti tinanyamula. Werengani Yohane 9 mumve zimene Yesu anayankha atafunsidwa kuti anachimwa ndani. Mwamutema mphini zokwana, mwanayu akufuna chipatala.

Ambuye, mwanayu ali m'mimba munkawerenga jini ina, ya hemoglobini ya khanda, imene sipindika. Atabadwa inayamba kuzilala, nchifukwa chake miyezi yoyambirira anali bwino, kenako tizala nkuyamba kutupa. Jiniyo ikadali momwemo mu nyukiliyasi, yangogona. Idzutseni, Atate. Dalitsani mankhwala a hydroxyurea amene madokotala amapereka kuti hemoglobini imeneyo ichuluke. Asasowe m'zipatala, nafenso tisatope kumwetsa. Tetezani anawa ku malungo. Utsani mitima ya opereka magazi, kuti tikafika usiku pa kabaza kuchokera ku Chulu, ku Santhe kapena ku Chamama, tikapeze botolo likudikira. Limbitsani manja a anamwino ofufuza mtsempha pa kadzanja kotopa ndi majakisoni.

Kumbukiraninso achinyamata amene ali pa chitomero, apatseni mtima wokayezetsa magazi asanamange banja.

Ululu wa usiku uno uchepe, Ambuye, mwanayu amweko madzi, agone. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.