Povuta pali pa bisulfite ndi kutentha

A mlembi, mwanena zoona kuti pa khansa ya kuseri kwa mphuno majini oletsa khansa ngati RASSF1A ndi p16 amatsekedwa ndi methylation (kumatirira kwa kachidutswa kotchedwa methyl pa DNA), koma povuta poyeza zimenezi pofuna kupeza khansayo mwapalumpha. Poyezapo, DNA imayamba yathiridwa mankhwala a sodium bisulfite, amene amasandutsa cytosine (chimodzi mwa zilembo za DNA) wopanda methyl kukhala chilembo china chotchedwa uracil. Akapanda kusandutsa yense, PCR (njira yochulukitsa DNA poyeza) imaonetsa ngati khansa ilipo pomwe palibe. Bisulfite yemweyo amaduladula DNA, ndiye kaburashi kotengera sampulo kakatola maselo ochepa m'mphunomo, simupeza kanthu. Nanga kuno ku Nsanje ndi Ngabu, kotentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala? Sampulo iyende m'bokosi la ayezi mpaka ku Blantyre kuti isawonongeke ndi kutenthako. Komanso kuyeza jini imodzi yokha sikukwanira kupeza khansayi. Munthu wotupa m'khosi, wotuluka magazi m'mphuno, khutu limodzi litatseka, achitidwebe biopsy (kudula kanyama kuti akakayeze).