Khofi wam'tchire samera pansi pa bulugamu

Abale anga, dzinja likafika timaona akuluakulu atavala magambutsi, khasu lili m'manja, akubzala paini ndi bulugamu, ife n'kumawomba m'manja kuti nkhalango yabwerera. Ine zimenezi zimandiwawa.

Ndi angati mwa ife akudziwa kuti dziko lino lili ndi khofi wakewake wam'tchire? Sindikunena uja amalima ku Misuku ayi, ameneyo ndi Arabica, kwawo ndi ku Ethiopia. Ndikunena chitsamba chimene akatswiri a zomera amachitcha Coffea mufindiensis, dzina lochokera ku Mufindi, ku Tanzania. Chimamera chokha m'nkhalango za m'mapiri zomwe siziyoyola masamba, kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe. Maluwa ake ndi oyera, ang'onoang'ono, moti ungachidutse osachizindikira.

Moyo wake wonse uli pansi pa mitengo ikuluikulu. Chimafuna mthunzi, nkhungu ya m'mawa ndi nthaka yonyowa ya masamba owola. Ukagwetsa mitengoyo dzuwa limalowa, udzu n'kumera, ndipo moto wa m'chilimwe umadzamaliza zotsala. Ubwere pambuyo pake ndi mbande zako za bulugamu, mitengo idzakula ndithu, mapolo udzapeza, koma pansi pake padzakhala gwaa! Chitsambacho sichibwereranso, ngakhale mbalame zomwe zinkamwaza njere zake zimakhala zitasamuka kale.

M'chaka cha 2019 akatswiri a ku Kew Gardens ku London anapeza kuti mwa mitundu 124 ya khofi wam'tchire padziko lonse, 75 ili pangozi yotheratu. Chonsecho mawa chilala ndi matenda zikavuta khofi wa m'munda, ndi kwa abale ake am'tchirewa kumene ofufuza mbewu adzathamangire.

Tayang'anani phiri la Ndirande. Tayang'anani la Thyolo. Akuluakulu akukumbukira bwino kuti kunali nkhalango yowirira, yamdima ngakhale masana. Wootcha makala sindimuda, njala ndi imene imamukweza phiri, ndipo makalawo timagula ndife a m'tauni.

Pempho langa n'lakuti ndalama zina zomwe zimathera pa miyambo yobzala mitengo zipite kolipira alonda a nkhalango ndi kolambula njira zotchinga moto kumene nkhalango yachilengedwe idakalipo: ku Ruo m'phiri la Mulanje, ku Ntchisi, ku Mughese. Bulugamu tibzale kumudzi, m'malire a minda, kuti nkhwangwa izipeza chodula isanafike kuphiri.